Jelo wa ziphuphu amathandiza, chikusowa ndi malangizo kwa odwala

Akonzi,

Ndikupempha mpata m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhulepo pa nkhani imene ambiri amaiyesa yaing'ono, chonsecho ikusowetsa mtendere achinyamata ochuluka m'makomo, m'sukulu zogonera komweko ndi m'makoleji. Ndikunena za ziphuphu zakumaso ndi mankhwala opaka a jelo amene madokotala amalembera anthu amene ziphuphuzo zawavuta. Ndagwira ntchito yopereka mankhwala kwa odwala kwa nthawi yaitali, ndipo chimene ndaona n'chakuti jeloyu amathandiza ndithu, koma ambiri amene amamulandira amamusiya asanaone phindu lake, chifukwa palibe amene adawakhazika pansi n'kuwafotokozera mmene amagwirira ntchito, nthawi imene amatenga ndi zovuta zimene ayenera kuyembekezera m'masabata oyambirira. Akamusiya sangokhala, amathamangira kumsika kukagula mafuta oyeretsa khungu, ndipo kumeneko n'kumene vuto lochizika limasanduka chilema cha nkhope.

Tiyambe ndi kumvetsa chimene chiphuphu chili, chifukwa munthu amene sakudziwa gwero la nthenda sangamvetsenso chifukwa chimene mankhwala ake amachedwera. Khungu lathu lili ndi timabowo tambirimbiri m'mene mumamera tsitsi ndi cheya, ndipo pa kabowo kalikonse pali kathumba kotulutsa mafuta achilengedwe amene amafewetsa khungu. Mwana akayamba kutha msinkhu, mahomoni otchedwa androgen, amene ali mwa anyamata ndi atsikana omwe, amakulitsa timatumbato n'kutichititsa kutulutsa mafuta ochuluka kuposa kale. Mafutawo akasakanikirana ndi timamba ta khungu lakufa amatseka kabowo kaja, ndipo mkati mwa kabowo kotsekekako tizilombo totchedwa Cutibacterium acnes, timene timakhala pakhungu la munthu aliyense ngakhale asambe chotani, timaswana mwamsanga. Thupi likayamba kulimbana nato m'pamene pamatupa, pamapweteka ndi kuchita mafinya. Timitu takuda timene timaoneka pamphuno nato si litsiro ayi, ndi mafuta omwewo amene ada atakhudzana ndi mpweya. Akatswiri a khungu amawerengera kuti mwa achinyamata 100 alionse a zaka zapakati pa 12 ndi 24, pafupifupi 85 amatuluka ziphuphu, ndipo kwa ena, makamaka amayi, zimapitirira mpaka zaka za m'ma 30 kapena 40.

Ndanena zimenezi chifukwa m'makomo mwathu mumamveka zambiri. Ena amati mwana waziphuphu sasamba, ndiye amamugulira sopo waukali ndi chinkhupule kuti azidzikhula kumaso, osadziwa kuti kukhulako kumangowonjezera kutupa. Ena amaloza mtedza, ena amati magazi achuluka, ndipo pali bodza lina loopsa limene limayenda pakati pa achinyamata lakuti ziphuphu zimatha munthu akayamba kugonana, bodza limene anthu osafunira ana athu zabwino amaligwiritsa ntchito powanyengerera. Enanso amapaka mankhwala otsukira mano, madzi a mandimu, phulusa kapena soda, zinthu zimene zimawaula khungu n'kusiya madontho akuda oipa kuposa chiphuphu chenichenicho.

Mfundo imene ndikufuna owerenga aigwiritsitse ndi yakuti chiphuphu chimene chaonekera lero chidayamba kupangika mkati mwa khungu masabata angapo apitawo, pa nthawi imene diso silikanachiona. Ntchito yaikulu ya jelo amene dokotala amalemba ndi kutsekereza ziphuphu zimene zikadali m'njira kuti zisatuluke. N'chifukwa chake amapakidwa pa dera lonse limene limatuluka ziphuphu osati pa chiphuphu chimodzi chokha, ndipo n'chifukwa chakenso sangaonetse zotsatira m'masiku atatu monga amalonjezera ogulitsa zodzoladzola. Wodwala amene wauzidwa mfundo imodzi yokhayi amapirira, pamene amene sadauzidwe amaona ngati adokotala amupatsa mankhwala opanda mphamvu.

Jelo wa ziphuphu alipo wa mitundu ingapo, ndipo m'poyenera kuti amene walandira kachubu awerenge dzina la mankhwala amene ali mkatimo, osangoloweza mtundu wa katoni. Gulu loyamba ndi la mankhwala a mtundu wa vitamini A, amene achipatala amawatcha retinoid. Woyamba mwa iwo, tretinoin, adavomerezedwa ku America mu 1971 pambuyo pa kafukufuku wa pa University of Pennsylvania, ndipo adapalene, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la malonda lakuti Differin, adavomerezedwa kumeneko mu 1996. Mankhwalawa amachititsa kuti timamba ta khungu tisamamatirane m'timabowo muja, motero timabowo timakhala totseguka, ndipo amachepetsanso kutupa. Adapalene amapezeka wa mphamvu ya 0.1 peresenti ndi 0.3 peresenti, ndipo kawirikawiri sawawa pakhungu ngati tretinoin. Mu 2016 dziko la America lidalola kuti wa 0.1 peresenti azigulitsidwa popanda kalata ya dokotala, ndipo n'chifukwa chake achinyamata athu amamuona pa TikTok ndi pa Facebook akutchulidwa ngati chodzola wamba, koma m'maiko ena ambiri amafunikabe kalata, ndipo zifukwa zake ndizifotokoza.

Wachiwiri ndi benzoyl peroxide, amene amapha tizilombo tija ndi kuthandiza kutsegula timabowo. Uyu ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti tizilombo sitimuzolowera. Amabwera wa 2.5, wa 5 ndi wa 10 peresenti. Anthu ambiri amakonda kupempha wa 10 poganiza kuti ndiye wachangu, koma zidapezeka kalekale kuti wa 2.5 amachepetsa ziphuphu pafupifupi mofanana ndi wa 10, kusiyana kwake n'kwakuti wamphamvuyo amaumitsa ndi kuwotcha khungu kwambiri.

Wachitatu ndi clindamycin, amene ali m'gulu la maantibayotiki, ndipo pa ameneyu ndili ndi nkhawa. Akapakidwa yekha kwa miyezi yambiri tizilombo timamuzolowera, amasiya kugwira ntchito, ndipo vuto la kupima kwa tizilombo limene achipatala akulira nalo pa matenda ena limakulirakulira. Pa chifukwa chimenechi, malangizo a masiku ano amati clindamycin asaperekedwe yekha, koma aphatikizidwe ndi benzoyl peroxide kapena tretinoin. Makampani ena adaphatikiza mankhwala awiri m'kachubu kamodzi, monga Epiduo amene ali ndi adapalene ndi benzoyl peroxide, kapena Duac amene ali ndi clindamycin ndi benzoyl peroxide. Bungwe la NICE, limene limalemba ndondomeko za kachizidwe ku England, lidatulutsa malangizo ake a ziphuphu mu 2021, ndipo lidaika masabata 12 ngati nthawi imene wodwala ayenera kugwiritsa ntchito mankhwala otere asanaonedwenso, n'kunenanso kuti wodwalayo auzidwe kuti kusintha kungayambe kuoneka pakatha masabata 6 mpaka 8. Makolo athu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa mankhwala awa kudekhako kuli ndi muyeso wake, ndiwo miyezi itatu.

Kapakidwe kake n'kosavuta, koma m'pamene ambiri amaphonya. Madzulo munthu asambe kumaso ndi sopo wosawawa ndi madzi ofunda pang'ono, adzipukute mosakhula, ndipo adikire kuti khungu liume bwinobwino, chifukwa jelo wopakidwa pakhungu lonyowa amalowa mwamphamvu n'kuwotcha. Kenaka afinyire pachala kadontho kakakulu ngati njere ya nandolo, ndipo kameneko n'kokwanira nkhope yonse. Akagawe pachipumi, m'masaya ndi pachibwano, n'kukafalitsa mopyapyala, kupewa m'zikope, m'milomo, m'mphepete mwa mphuno ndi paliponse pamene pali bala, ndipo akatha asambe m'manja. Kupaka kwambiri sikufulumizitsa kuchira. Amene wapatsidwa tretinoin ndi benzoyl peroxide m'machubu osiyana asawapake nthawi imodzi, chifukwa benzoyl peroxide ndi kuwala kwa dzuwa zimatha kufooketsa tretinoin, choncho wina apakidwe m'mawa ndipo tretinoin usiku.

Tsopano ndifike pa masabata oyambirira, amene ndi phompho limene odwala ambiri amagweramo. M'masabata awiri kapena anayi oyamba khungu limauma, limatuwa, limasupuka timamba makamaka mozungulira pakamwa, ndipo limanyerenyesa kapena kutentha munthu akasamba. Kwa ena ziphuphu zimaoneka ngati zawonjezeka. Mtsikana wa kusekondale amene adapita kuchipatala kuti anzake asiye kumuseka akadziyang'ana pagalasi n'kuona nkhope yotuwa ndi yosupuka, amataya kachubuko tsiku lomwelo, ndipo sindingamudzudzule ngati sadachenjezedwe. Chonsecho zimenezi zili ndi njira yake yozichepetsera. Munthu angayambe kupaka usiku umodzi n'kudumpha umodzi kapena awiri, kapena kupaka n'kusamba pakatha ola limodzi, kenaka n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka khungu litazolowera. Angadzolenso mafuta opepuka ofewetsa khungu, osanunkhiritsidwa ndi osakhuthala, ndipo asiye zonse zokhulira kumaso. Khungu likawawa kwambiri apumule masiku angapo n'kuyambiranso mochepa. Zizindikiro zimene zikufunika kusiyiratu mankhwala ndi kuthamangira kuchipatala ndi kutupa kwa nkhope, maso kapena milomo, matuza, zidzolo zoyabwa thupi lonse ndi kubanika, chifukwa zimenezo zikusonyeza kuti thupi ladana ndi mankhwalawo, ngakhale kuti zotere sizichitikachitika.

Kwa ife akhungu lakuda nkhani yoyamba pang'onopang'onoyi ndi yofunika koposa, ndipo malangizo ambiri a pa intaneti saikhudza chifukwa adalembedwa poganizira khungu loyera. Khungu lathu likatupa kapena kupsa limayankha potulutsa utoto wake wakuda wochuluka, ndiye chiphuphu chimene chapola m'sabata imodzi chimasiya dontho lakuda limene lingakhale miyezi yambiri, mwina kupitirira chaka. Odwala ambiri amene ndakumana nawo amadandaula madonthowa kuposa ziphuphu zenizenizo. Jelo akagwiritsidwa ntchito moyenera amathandiza mbali zonse ziwiri, chifukwa amaletsa ziphuphu zatsopano zimene zikanasiya madontho ena, ndipo adapalene ndi tretinoin amathandizanso kuti madontho akale azilale. Koma jelo yemweyo akapakidwa mochuluka mpaka kuwaula khungu amabala madontho atsopano. Palinso azelaic acid, wa jelo wa 15 peresenti kapena kirimu wa 20 peresenti, amene amalimbana ndi ziphuphu ndi madontho akuda pamodzi, ndipo ndikanakonda madokotala athu akanamamukumbukira kawirikawiri pamene akupezeka. Kufinya ziphuphu ndi zikhadabo kumakankhira mafinya mkati, kumasiya maenje, ndipo mwa ena kumayambitsa zipsera zotupa zimene zimakula pachibwano, pachifuwa ndi pamapewa, zimene kuchiza kwake n'kovuta kwambiri.

Dzuwa nalo liyenera kutchulidwa. Mankhwalawa amachititsa khungu kumva dzuwa msanga, ndipo dzuwa limadetsa madontho aja. Mafuta oteteza kudzuwa ndi okwera mtengo kwa mabanja ambiri, koma chipewa cha mlomo waukulu kapena ambulera zimathandiza, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kwa amene amagwira ntchito kumunda, kumsika kapena pa kabaza.

Chifukwa chachikulu chimene jeloyu amafunikira kalata ya dokotala ndi nkhani ya pakati. Mankhwala a mtundu wa vitamini A akamwedwa ngati mapiritsi amapundula mwana m'mimba, ndipo ngakhale kuti opaka amalowa m'magazi pang'ono chabe, bungwe loona za mankhwala ku Ulaya la EMA lidagamula mu 2018 kuti asagwiritsidwe ntchito ndi mayi woyembekezera kapena amene akukonzekera kutenga pakati. Izi zikukhudza adapalene, tretinoin ndi tazarotene, komanso jelo aliyense wophatikiza amene ali ndi mmodzi mwa amenewa. M'dziko lathu, m'mene atsikana ambiri amatenga pakati asanafike zaka 20, funso limeneli silingadumphidwe, ndipo liyenera kufunsidwa mwachinsinsi ndi mwaulemu, osati pawindo la mankhwala anthu ali pamzere kumbuyo, kapena mayi ake a mtsikanayo ataima pambali. Mayi amene wazindikira kuti ali ndi pakati akupaka kale jeloyu asachite mantha, koma asiye kupaka ndipo akawauze anamwino kusikelo. Kwa oyembekezera dokotala angasankhe benzoyl peroxide kapena azelaic acid. Apa m'pamene pali kuopsa kwa chizolowezi chobwerekana machubu m'mahositelo ndi pakati pa apachibale, popeza amene akubwereketsayo sadziwa za mthupi mwa mnzake.

Ndibwerere kwa amene ataya jelo wa kuchipatala n'kupita kumsika, chifukwa nkhani yawo ndi imene yandichititsa kulemba. M'misika yathu, m'masaluni ndi m'timagulu ta pa WhatsApp mukugulitsidwa timachubu ta mankhwala a steroid monga clobetasol ndi betamethasone, ndipo ena mwa iwo amabweranso ngati jelo, moti wogula amaganiza kuti wapeza yemwe uja wa adokotala pa mtengo wotsika. Amenewa ndi mankhwala enieni amphamvu a matenda ena a khungu, oyenera kupakidwa kwa masiku owerengeka moyang'aniridwa ndi achipatala, ndipo clobetasol ali m'gulu lamphamvu kwambiri limene siliyenera kupakidwa kumaso mwachisawawa. Chimene chimakola anthu n'chakuti m'masiku ochepa oyamba kutupa kumaphwa, nkhope imasalala ndi kuyererako, ndipo anzake amayamba kumuyamikira. Pakapita masabata angapo steroid yemweyo amatulutsa ziphuphu zake, zing'onozing'ono, zofanana msinkhu ndi zothinana, khungu limapyapyala mpaka mitsempha kuonekera, mizere imang'ambika pakhungu, zipere zimafalikira, ndipo mwa ena cheya chimakula kumaso. Akayesa kusiya, nkhope imatentha, imayabwa ndi kutuluka zidzolo, ndiye amabwerera kukagula kachubu kena, n'kukhala kapolo wake kwa zaka. Amene amadzola thupi lonse kwa nthawi yaitali mankhwalawa amalowa m'magazi, ndipo angayambitse kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga.

Mafuta ambiri oyeretsa khungu amakhalanso ndi hydroquinone kapena mercury. Madokotala a ku South Africa adafotokoza mu 1975 za nthenda ya ochronosis, imene imadetsa masaya ndi chipumi moderako ngati mwaye mwa anthu amene adzola hydroquinone kwa nthawi yaitali, ndipo kuda kwake sikuchoka msanga, mwa ena sikuchoka n'komwe. Dzikolo lidaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990, ndipo Rwanda idayamba kulanda mafuta otere m'masitolo mu 2018. Mercury amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo. Zimandiwawa mtima kuona mtsikana amene adangofuna kuchotsa madontho ochepa a ziphuphu akubwera kuchipatala patapita zaka ziwiri ndi nkhope imene ngakhale katswiri sangaibwezeretse mwakale. Amene wakodwa kale asachite manyazi, ndipo asasiye mwadzidzidzi payekha ngati wadzola nthawi yaitali, koma atenge kachubuko apite nako kuchipatala kuti akathandizidwe kusiya mwadongosolo.

Chifukwa china chopitira kwa dokotala n'chakuti si zonse zotuluka kumaso zimene zili ziphuphu wamba, ndipo zina zili ndi choyambitsa chimene jelo yekha sangachotse. Mankhwala ena a TB monga isoniazid, ena a khunyu monga phenytoin ndi phenobarbital, komanso mapiritsi a prednisolone, amatha kutulutsa zidzolo zofanana ndi ziphuphu, ndipo amene akumwa mankhwalawa asawasiye, koma awauze adokotala. Jakisoni wolera wa Depo-Provera komanso njira yolera yoika pamkono zimawonjezera ziphuphu mwa amayi ena, pamene mapiritsi olera a mahomoni awiri amazichepetsa mwa ambiri, ndipo imeneyi ndi nkhani yokambirana ndi anamwino a zakulera, osati chifukwa chosiyira kulera. Zidzolo zoyabwa kwambiri zimene zafalikira m'mikono ndi m'miyendo zingakhale chizindikiro cha kuchepa kwa chitetezo cha m'thupi, ndipo m'poyenera kuyezetsa magazi. Mayi amene ali ndi ziphuphu zosamva mankhwala, msambo wodumphadumpha ndi ndevu akufunika kupimidwa mahomoni. Timatuza ta m'ndevu mwa abambo timayamba ndi tsitsi lopotana limene limabwerera m'khungu akameta mpala, ndipo ziphuphu zondandalika pachipumi m'mphepete mwa tsitsi kawirikawiri zimachokera ku mafuta okhuthala odzola m'mutu.

Pali zinthu ziwiri zing'onozing'ono za benzoyl peroxide zimene wopereka mankhwala ayenera kutchula. Choyamba n'chakuti amasukulutsa nsalu ndi tsitsi, moti pilo, thaulo, chitenje kapena kolala ya yunifolomu zimachita mawanga oyera, choncho ndi bwino kugonera pilo wa nsalu yoyera. Chachiwiri ndi kasungidwe. Mu 2024 kudabuka nkhawa ku America yakuti benzoyl peroxide akatenthedwa amatha kupanga benzene, amene amayambitsa khansa, ndipo bungwe loona za mankhwala kumeneko la FDA litayeza mitundu 95 ya mankhwalawa lidalengeza mu 2025 kuti yoposa 90 peresenti idalibe benzene wodetsa nkhawa, koma yochepa idachotsedwa m'masitolo. Phunziro lake kwa ife, amene timakhala m'dziko lotentha ndi m'nyumba zamalata, ndi lakuti kachubu kasungidwe pamalo ozizira, kasasiyidwe pawindo kapena m'galimoto, kasagwiritsidwe ntchito tsiku lake likadutsa, ndipo kasagulidwe pa benchi pamene kakhala padzuwa tsiku lonse.

Jelo ali ndi malire ake. Ziphuphu zikuluzikulu zolimba ndi zopweteka zimene zili mkati mwa khungu, zimene zadzaza msana ndi chifuwa, kapena zimene zayamba kusiya maenje, zimafuna kuwonjezera mapiritsi monga doxycycline kwa miyezi itatu kapena kupitirira pang'ono, jelo akupakidwabe, ndipo mapiritsi amenewa saperekedwa kwa oyembekezera ndi ana aang'ono. Zikakanika pamenepo pali isotretinoin, amene adayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1982 ndipo amachiza ziphuphu zovuta kwambiri, koma amapundula mwana m'mimba moopsa ndipo ayenera kuperekedwa ndi katswiri yekha. Wodwala wotere atumizidwe msanga ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, zipsera zisanakhazikike. Dziko lathu lili ndi madokotala a khungu ochepa, koma lili ndi ogwira ntchito zachipatala amene adaphunzira za matenda a khungu ku Regional Dermatology Training Centre ku Moshi m'dziko la Tanzania, ndipo luso lawo liyenera kufikira anzawo a m'zipatala zing'onozing'ono.

Amene jelo wamuyanja akumbukire kuti ziphuphu zimabwerera mankhwala akasiyidwa msanga, chifukwa mahomoni amene amaziyambitsa akadalipo. Madokotala amalangiza ambiri kupitiriza ndi adapalene kapena benzoyl peroxide masiku angapo pa sabata nkhope itayera kale, koma maantibayotiki asiyidwe nthawi yake ikakwana. Ndikudziwa kuti mtengo wa jelo wophatikiza m'mafamase ndi wolemetsa mabanja ambiri, ndipo ichi n'chifukwa chinanso chophunzitsira muyeso woyenera, popeza kachubu kopakidwa pang'onopang'ono kamakhalitsa, pamene kopakidwa mowunjika kamatha m'masabata awiri n'kusiya nkhope yopsa.

Kwa makolo anzanga ndi aphunzitsi, ndikupempha kuti tisamapeputse mwana amene akudandaula ziphuphu pomuuza kuti zidzatha zokha akadzakula. N'zoona kuti kwa ambiri zimatha, koma zipsera zimatsala, ndipo zaka zimene mwana amakhala akubisa nkhope, kukana kuimirira m'kalasi, kujomba kusukulu kapena kudzitsekera m'chipinda sizibwerera. Achipatala amadziwa kuti ziphuphu zimayendera limodzi ndi nkhawa ndi kukhumudwa mwa achinyamata ena, ndipo kukula kwa nkhawayo sikudalira kuchuluka kwa ziphuphu. Anyamata nawonso amavutika, kungoti amabisa. Kholo limene laperekeza mwana kuchipatala, n'kumva nawo malangizo, n'kumamulimbikitsa m'sabata yachitatu pamene nkhope yatuwa, lachita mbali yaikulu ya chithandizocho.

Pempho langa kwa madokotala, anamwino ndi anzanga opereka mankhwala ndi lakuti, ngakhale mizere ndi yaitali ndipo manja ndi ochepa, tisapereke kachubu ka jelo ndi mawu akuti muzikapaka usiku basi. Tinene muyeso wake, tinene kuti khungu lidzauma ndi kusupuka ndi chimene angachite zikatero, tinene kuti kusintha kudzaoneka pakatha mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri, tifunse za pakati ndi za mafuta ena amene akudzola, ndipo tilembe m'buku lake la kuchipatala tsiku lodzabweranso pakatha masabata 12. Kapepala kamene kamabwera m'katoni kamalembedwa m'Chingerezi chovuta ndi zilembo zing'onozing'ono, choncho mafamase angachite bwino kusindikiza malangizo afupiafupi m'Chichewa ndi m'zinenero zina zathu n'kumamata pakatoni.

Ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kuti liziyang'anira mankhwala m'dziko muno, ndi ku Malawi Bureau of Standards, ndikupempha kuti alimbikitse kuyendera misika, masaluni ndi malonda a pa intaneti kumene kukugulitsidwa steroid ngati chodzola, ndiponso kuti azilengeza pawailesi maina a mankhwala amene anthu ayenera kuwapewa akawaona pakachubu. Ku Unduna wa Zaumoyo ndikupempha kuti benzoyl peroxide, amene si wokwera mtengo, azipezeka m'zipatala za m'maboma ndi za kumidzi, kuti wachinyamata wa kumudzi asabwerere chimanjamanja n'kukathera kwa wogulitsa mafuta oyeretsa. Kwa inu akonzi, ndikupempha kuti patsamba lanu la zaumoyo muitane katswiri wa khungu adzayankhe mafunso a owerenga m'Chichewa, ndipo musindikize zithunzi za machubu a clobetasol ndi betamethasone pambali pa a adapalene ndi benzoyl peroxide, kuti anthu athe kuwasiyanitsa asanatulutse ndalama zawo.

Ine wowerenga wanu,
Zomba